Kuzimitsa kutukusira komwe kumadyetsa khansa: njira iti imathandiza, iti imagwiritsa mwala

Mu 1863 dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, atayang'ana tizidutswa ta zotupa pa maikulosikopu anapeza kuti pakati pa maselo a khansa pamakhala maselo oyera a m'magazi ambirimbiri, asilikali omwe timayembekezera kuwapeza pachilonda. Anaganiza kuti khansa imayambira pamalo pamene thupi lakhala likutukusira kwa nthawi yaitali. Mu 1986 Harold Dvorak ananena mfundo yomweyo mwachidule, kuti chotupa cha khansa ndi chilonda chosapola. Masiku ano palibenso wotsutsa zimenezi. Chovuta ndi chochita nazo. Ngati kutukusira kumathandiza khansa kuyamba ndi kukula, tikudule pati, ndi mankhwala anji, pa nthawi iti?

Njira zilipo zingapo ndipo sizifanana mphamvu m'pang'ono pomwe. Zina zatsitsa kale chiwerengero cha odwala khansa m'dziko lathunthu. Zina zinadya ndalama zankhaninkhani n'kukalephera pa odwala, ngakhale pa mbewa zinkaoneka zodabwitsa. Kusiyanaku kumamveka tikayamba taona mmene maselo amatumizirana uthenga.

Uthenga wake umayenda bwanji

Thupi likavulala kapena likalowedwa ndi tizilombo, maselo a chitetezo otchedwa ma macrophage ndi ma neutrophil amathamangira pamalopo n'kuyamba kutulutsa timapuloteni tonyamula uthenga, ma cytokine. Otchulidwa kwambiri pa nkhani ya khansa ndi TNF, IL-1β ndi IL-6. TNF ndi IL-1β zikamata pa selo zimadzutsa puloteni yotchedwa NF-κB m'kati mwake, pamene IL-6 imadzera pa puloteni ya JAK kukadzutsa inzake yotchedwa STAT3. Ziwirizi zimapita komwe kuli DNA n'kuyatsa majini angapo nthawi imodzi: a Bcl-xL woletsa selo kudzipha, a cyclin D1 wolifulumizitsa kugawikana, a VEGF yomeretsa mitsempha ya magazi yatsopano, a ma MMP osungunula ulusi womanga minofu, ndi a COX-2, puloteni yomwe imapanga prostaglandin E2 yolimbikitsa kutukusira.

Pachilonda wamba zonsezi n'zofunika. Maselo ayenera kuchulukana kuti atseke bala, magazi ayenera kufikapo, ndipo ntchito ikatha uthengawo umazima. Vuto limabwera chovulazacho chikapanda kuchoka, kaya ndi kachilombo kokhazikika m'chiwindi, utsi wa fodya, kapena ulusi wa asbestos womwe ma macrophage sangathe kuugaya. Ma neutrophil amapitiriza kulavula mankhwala a okosijeni owotcha, omwe cholinga chake ndi kupha tizilombo koma amathyolanso DNA ya maselo oyandikana nawo. Selo lowonongeka chotere limayenera kudzipha. Koma pa nthawi yomweyo NF-κB ndi STAT3 zikuliuza kuti likhale moyo ndi kugawikana. Choipitsitsa, selolo limayamba kudzipangira lokha IL-6, CCL2 ndi CSF-1, zomwe zimaitana ma macrophage ena, amenenso amabweretsa IL-10 ndi TGF-β zofooketsa maselo a T, maselo a chitetezo opha khansa. Zikafika apa, chotupa chayamba kudzidyetsa chokha.

Kafukufuku wa 2004 wa Florian Greten ndi Michael Karin anasonyeza izi poyera. Anagwiritsa ntchito mbewa zomwe zimadwala khansa ya matumbo aakulu chifukwa cha kutukusira. Atazimitsa njira ya NF-κB m'maselo okuta matumbo, zotupa zinachepa chiwerengero kwambiri, chifukwa maselo owonongeka ankafa msanga. Atazimitsa njira yomweyo m'maselo a chitetezo, zotupa zinali zazing'ono, chifukwa ma cytokine ozikulitsa anachepa. Njira imodzi, ntchito ziwiri, kutengera selo lomwe ili.

Koma si kutukusira konse komwe kuli kumbali ya khansa. Interferon-gamma, IL-12 ndi maselo a T a CD8 ndiwo amapha maselo a khansa. TNF yomweyo inadziwika mu 1975 chifukwa inkaononga zotupa za mbewa ikakhala yambiri nthawi imodzi, koma mu 1999 zinapezeka kuti mbewa zopanda TNF sizigwidwa msanga ndi zotupa za pakhungu. TGF-β imaletsa maselo kugawikana khansa isanakhwime, kenako n'kudzathandiza khansa yokhwima kufalikira. N'chifukwa chake mankhwala ongozimitsa kutukusira mwachisawawa angathe kuthandiza kapena kupweteka.

Kuchotsa choyambitsa

Iyi ndiyo njira yokhala ndi umboni wolemera kuposa zonse, ndipo timaona kuti siyamikiridwa mokwanira chifukwa siioneka yapamwamba. Akatswiri a IARC, nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse (WHO) yofufuza za khansa, anawerengera kuti mu 2018 khansa pafupifupi 13 pa 100 zilizonse padziko lonse, zomwe ndi odwala atsopano 2.2 miliyoni, zinayamba chifukwa cha tizilombo. Otsogola ndi Helicobacter pylori, HPV (kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero), ndi tizilombo ta m'chiwindi ta hepatitis B ndi hepatitis C. Ena mwa iwo, makamaka HPV, alinso ndi mapuloteni awoawo osokoneza selo mwachindunji, koma pa H. pylori ndi ma hepatitis kutukusira kwa zaka makumi ndiko kumagwira ntchito yaikulu.

H. pylori ndi bakiteriya wokhala m'chifu, ndipo IARC inamuika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1994. Amayamba ndi kutukusitsa khungu la m'kati mwa chifu; pakapita zaka khungulo limapyapyala, kenako maselo ake amasintha n'kumaoneka ngati a m'matumbo, ndipo pamenepo khansa siikhala patali. Kumupha kumafuna mankhwala ophatikiza kwa masiku 14. Njira ya mankhwala atatu ndi wochepetsa asidi monga omeprazole kawiri pa tsiku, amoxicillin 1 g kawiri pa tsiku ndi clarithromycin 500 mg kawiri pa tsiku. Kumadera komwe mabakiteriya oposa 15 pa 100 alionse samvanso clarithromycin, njira imeneyi imalephera kawirikawiri, choncho amapereka ya mankhwala anayi: wochepetsa asidi, bismuth, tetracycline 500 mg kanayi pa tsiku ndi metronidazole. Mapiritsi amakhala ambiri, m'kamwa mumawawa, chimbudzi chimada chifukwa cha bismuth, ndipo odwala ambiri amasiyira panjira. Kusiyira panjirako ndiko kumabala bakiteriya wosamva mankhwala.

Cholakwika china chofala ndi kusayezanso. Pakadutsa masabata anayi chimalizireni mankhwala, munthu ayenera kuyezedwa mpweya wa m'kamwa kapena chimbudzi, atasiya omeprazole kwa masabata awiri. Akayezedwa akumwabe omeprazole, bakiteriya amabisala ndipo zotsatira zimanena kuti palibe pomwe alipo. Kuyeza magazi sikuthandiza apa, chifukwa ma antibody, mapuloteni omwe thupi limapanga polimbana ndi tizilombo, amakhalabe m'magazi bakiteriya atafa kale.

Phindu lake ndi lotani? Ku South Korea, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2018, anthu omwe anachotsedwa khansa yoyambirira ya m'chifu anagawidwa pawiri. Mwa omwe analandira mankhwala opha H. pylori, 7 pa 100 alionse anadwalanso khansa yatsopano. Mwa osalandira anali 13. Mu 2020 gulu lomwelo linapeza kuti abale a odwala khansa ya m'chifu nawonso chiopsezo chawo chinatsika ndi pafupifupi theka. Palinso khansa ina ya m'chifu, MALT lymphoma, yomwe ikapezeka msanga imatha yokha mwa odwala ambiri bakiteriya akangophedwa, popanda chemotherapy. Ndi chotupa chomwe moyo wake wonse unkadalira kutukusirako.

Chiwindi chimapereka phunziro lomwelo. Taiwan inayamba kutemera makanda katemera wa hepatitis B mu 1984, ndipo khansa ya chiwindi mwa ana a zaka 6 mpaka 14 inatsika kuchoka pa 0.70 kufika pa 0.36 pa ana 100,000 alionse pa chaka. Kwa omwe ali kale ndi kachilomboka, tenofovir kapena entecavir amakapondereza, ngakhale sakachotseratu. Hepatitis C tsopano imachira ndi mapiritsi a masabata 8 mpaka 12 mwa anthu oposa 95 pa 100 alionse. Komabe pali malire ofunika kuwadziwa: ngati chiwindi chinauma kale ndi zipsera, chiopsezo chimatsika koma sichitha, ndipo munthuyo amafunikabe kuunikidwa chiwindi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Chimodzimodzi m'chifu, khungu likasintha kale kukhala ngati la m'matumbo phindu la kupha bakiteriya limachepa. DNA yomwe inathyoka kale siilumikizana chifukwa choti kutukusira kwatha.

M'gulu lomweli muli kusiya fodya, kuchepetsa mowa, kuchiza likodzo lisanawononge chikhodzodzo, ndi kuchepetsa kunenepa kwambiri. Mafuta a m'mimba si nkhokwe chabe. Maselo ake akafufuma n'kufa amazunguliridwa ndi ma macrophage otulutsa TNF ndi IL-6, ndipo IARC mu 2016 inalumikiza kunenepa ndi mitundu 13 ya khansa, ngakhale mahomoni ndi insulin zilinso ndi mbali yake.

Asipirini ndi anzake

Asipirini amatseka COX-2 ndi inzake yofanana nayo, COX-1, motero prostaglandin E2 imachepa, ndiponso timaselo toundanitsa magazi, tomwe timabisa maselo a khansa oyenda m'magazi, timafooka. Ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka paliponse. N'chifukwa chake anthu ambiri amalakwitsa pomuyamba okha.

Umboni wabwino kwambiri unachokera kwa anthu obadwa ndi Lynch syndrome, vuto la majini lomwe limakweza kwambiri chiopsezo cha khansa ya matumbo aakulu. Mu kafukufuku wa CAPP2 anthu 861 anapatsidwa asipirini 600 mg pa tsiku kapena mapiritsi opanda mankhwala kwa zaka ziwiri mpaka zinayi. Poyamba panalibe kusiyana kulikonse. Kusiyana kunayamba kuoneka patadutsa zaka zisanu, ndipo lipoti la 2020 linasonyeza kuti khansa ya matumbo inachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuchedwa kumeneku kukutiuza kuti asipirini amagwira pa masitepe oyambirira penipeni, selo lisanakhale khansa.

Yerekezani ndi ASPREE, kafukufuku wa 2018 wa okalamba athanzi oposa 19,000, ambiri a zaka 70 kupita m'mwamba, omwe ankamwa 100 mg pa tsiku. Kutaya magazi koopsa kunachuluka, ndipo imfa za khansa zinali zochulukirapo mwa omwa asipirini. Mankhwala omwewo, anthu ena, zotsatira zotembenuka. Bungwe la USPSTF lopereka malangizo opewera matenda ku United States, lomwe mu 2016 linkalimbikitsa asipirini kwa ena a zaka 50 mpaka 59 pofuna kupewanso khansa ya matumbo, linachotsa mfundo imeneyo mu 2022.

Chatsopano ndi kusankha odwala poyang'ana majini a chotupa. Kafukufuku wa ALASCCA wa kumpoto kwa Ulaya, wofalitsidwa mu 2025, anapereka asipirini 160 mg pa tsiku kwa zaka zitatu kwa ochitidwa opaleshoni ya khansa ya matumbo aakulu omwe chotupa chawo chinali ndi kusintha kwa majini a njira ya PI3K. Kubwereranso kwa khansa kunatsika ndi pafupifupi theka. Izi n'zolimbikitsa, koma zikukhudza gulu limenelo lokha, ndipo zimafuna kuti chotupa chiyezedwe kaye.

Mankhwala otseka COX-2 yokha anapangidwa kuti asakande chifu. Celecoxib ndi rofecoxib anachepetsadi tizotupa ting'onoting'ono ta m'matumbo tomwe timasanduka khansa, koma kafukufuku wa tizotupato ndi yemweyo anaulula kuti rofecoxib amachulukitsa matenda a mtima ndi sitiroko, ndipo anachotsedwa pamsika mu 2004. Chifukwa chake n'chomveka: COX-2 ya m'mitsempha imapanga prostacyclin yoletsa magazi kuundana, pamene COX-1 ya m'timaselo toundanitsa magazi, yomwe mankhwalawa saikhudza, imapitiriza kupanga thromboxane yolimbikitsa kuundana. Ukatseka mbali imodzi, inayo imalamulira.

Amene ali ndi zilonda za m'chifu, vuto la impso, kapena akumwa warfarin ndi mankhwala ena osungunula magazi asayerekeze kuyamba asipirini popanda dokotala. Ndipo amene dokotala wawalembera, n'kwanzeru kuyamba ayezedwa H. pylori, popeza bakiteriyayu pamodzi ndi asipirini amachulukitsa kutaya magazi m'chifu.

Kutseka cytokine imodzi

Apa ndi pomwe chiyembekezo chinali chachikulu, ndipo nkhani ya canakinumab ikuyenera kuimva aliyense wokonda kuthamangira mfundo. Mankhwalawa ndi antibody yogwira IL-1β. Mu kafukufuku wa CANTOS, wofalitsidwa mu 2017, anthu 10,061 omwe anadwalapo mtima ndipo CRP yawo, puloteni ya m'magazi yosonyeza kutukusira, inali 2 mg pa lita kapena kuposa ankabayidwa jakisoni miyezi itatu iliyonse. Cholinga chinali mtima, osati khansa. Koma powerengera zinapezeka kuti mwa olandira 300 mg khansa ya m'mapapo inachepa ndi magawo awiri mwa atatu, ndipo imfa zake zinachepa koposa pamenepo. Mtengo wake unali woti imfa za matenda oyambitsidwa ndi tizilombo zinachuluka.

Kenako mankhwalawo anayesedwa pa odwala khansa ya m'mapapo enieni, m'makafukufuku a CANOPY: pamodzi ndi chemotherapy, pamodzi ndi pembrolizumab yemwe amamasula chitetezo cha thupi, komanso pambuyo pa opaleshoni. Pakati pa 2021 ndi 2022 onse atatu analephera. Mwina zina za ku CANTOS zinali mwangozi, popeza odwala khansa ya m'mapapo kumeneko anali ochepa. Koma pali kufotokoza kwina komwe kukugwirizana ndi zomwe gulu la Charles Swanton linafalitsa mu 2023: tinthu ting'onoting'ono ta mpweya woipa timapangitsa ma macrophage a m'mapapo kutulutsa IL-1β, ndipo iyo imadzutsa maselo omwe anali kale ndi jini ya EGFR yosintha koma ali phee. Pa mbewa, kutseka IL-1β pa nthawi imeneyo kunaletsa zotupa kumera. IL-1β imafunika poyatsa. Chotupa chikakhwima chimakhala chapeza njira zina zambiri, ndipo kuchilanda imodzi sikuchigwedeza.

IL-6 nayo ndi chimodzimodzi. Siltuximab, woitseka, anayesedwa pa myeloma (khansa ya m'mafuta a m'mafupa), khansa ya prostate ndi zina, osapindula kwenikweni. Anavomerezedwa mu 2014 pa matenda amodzi osowa, multicentric Castleman disease ya anthu opanda HIV ndi HHV-8, pa mlingo wa 11 mg pa kilogalamu masabata atatu alionse, chifukwa matendawo amayendetsedwadi ndi IL-6. Ruxolitinib, wotseka JAK1 ndi JAK2, anavomerezedwa mu 2011 pa myelofibrosis, khansa ya m'mafuta a m'mafupa, komwe njira ya JAK imakhala yoyaka mosalekeza, nthawi zambiri chifukwa cha kusintha kwa JAK2 V617F. Amachepetsa thukuta la usiku, kuyabwa ndi kuwonda. Atayesedwa pa khansa ya pancreas mwa odwala a CRP yokwera, analephera. Pexidartinib, wotseka CSF1R, malo pomwe CSF-1 imamata pa ma macrophage, anavomerezedwa mu 2019 pa chotupa cha m'mfundo za mafupa chotchedwa tenosynovial giant cell tumour, momwe maselo ochepa osokonekera amatulutsa CSF-1 yambiri n'kuitana ma macrophage omwe amapanga thupi lonse la chotupacho. Amachiphwetsadi, koma amatha kuwononga chiwindi moopsa. Pa khansa zofala, kutseka CSF1R sikunaonetse phindu lotero. Bintrafusp alfa, wogwira TGF-β, analephera mu 2021.

Tikaika zonsezi pamodzi, chithunzi n'chimodzi: njira imeneyi imagwira pa matenda omwe aima pa cytokine imodziyo, ndipo amenewo ndi ochepa. Ma cytokine amalowezana ntchito. Ukatseka IL-6, IL-11 ndi LIF zimathabe kudzutsa STAT3. Ndipo mbewa za mu labotale, zomwe zotupa zake zimamera m'masabata ochepa kuchokera ku choyambitsa chimodzi, sizifanana ndi chotupa cha munthu chomwe chakhala chikusintha kwa zaka makumi awiri.

Zoopsa zake n'zodziwika ndipo zimapeweka ngati wina wakumbukira. Asanayambe infliximab kapena adalimumab, zotseka TNF, munthu ayenera kuyezedwa chifuwa chachikulu chobisika ndi hepatitis B, chifukwa TNF ndiyo imasunga linga lotsekera tizilombo ta TB m'mapapo. Likagwa, matendawo amabuka ndipo kawirikawiri amafalikira thupi lonse. Tocilizumab ndi siltuximab, otseka njira ya IL-6, amatsitsa CRP n'kubisa kutentha thupi, moti wodwala angakhale ndi matenda aakulu a m'magazi, ngakhale kubooka kwa matumbo, zoyeza zikuoneka bwinobwino. Otseka JAK amadzutsa mashingozi, ndipo tofacitinib, pa odwala nyamakazi a zaka 50 kupita m'mwamba okhala ndi chiopsezo cha mtima, anapezeka ndi khansa zochulukirapo poyerekeza ndi otseka TNF.

Pali malo amodzi pomwe mankhwala otere ali pafupi ndi kupewa khansa, pa matenda otukusitsa matumbo kwa nthawi yaitali, ulcerative colitis ndi Crohn's disease ya matumbo aakulu. Chiopsezo chimakwera malinga ndi kukula kwa dera lotukusira, ukali wake ndi zaka zake, motero kupoletsa matumbo n'kofunika. Koma mankhwala salowa m'malo mwa kuunika. Colonoscopy, kuunika matumbo aakulu ndi kapaipi ka kamera, imayamba patatha zaka zisanu ndi zitatu chiyambireni zizindikiro, ndipo kwa omwe alinso ndi primary sclerosing cholangitis, matenda a njira za ndulu, imachitika chaka chilichonse kuyambira pomwe matendawo apezeka.

Ma steroid

Dexamethasone ndi prednisolone amazimitsa pafupifupi chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Ndi ofunika pochepetsa madzi ozungulira chotupa cha mu ubongo, pa msana wopanikizika ndi poletsa kusanza kwa chemotherapy, ndipo pa lymphoma, myeloma ndi leukemia ya ma lymphocyte amaphadi maselo a khansa. Koma sapewa khansa ndipo sachiza zotupa wamba. Amakweza shuga, amafooketsa minofu ndi mafupa, ndipo akapatsidwa kwa munthu woganiziridwa lymphoma asanadulidwe kachidutswa kokayeza, maselo amasungunuka ndipo woyeza sapeza kanthu.

Mapiritsi a mavitamini ogulitsidwa ngati ozimitsa kutukusira tingowadutsa mwachangu, chifukwa anayesedwa kale. Beta-carotene anachulukitsa khansa ya m'mapapo mwa osuta fodya m'makafukufuku a ATBC mu 1994 ndi CARET mu 1996, ndipo vitamini E anakweza khansa ya prostate ndi 17 pa 100 mu lipoti la SELECT la 2011.

Kutembenuza kutukusira kuti kulimbane ndi chotupa

Chodabwitsa n'chakuti pa khansa yokhwima, kupambana kwakukulu kwachokera ku njira yosemphana ndi zonse takambazi, yoyatsa chitetezo dala. BCG, katemera wa chifuwa chachikulu uja, wakhala akuthiridwa m'chikhodzodzo kuyambira 1976 pochiza khansa yomwe siinalowe mu mnofu wa chikhodzodzo. Amalowetsedwa ndi kapaipi kamodzi pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi, wodwala n'kumusunga pafupifupi maola awiri asanakodze. Kutukusira kwadzidzidzi komwe amayambitsa kumakoka maselo a T ndi interferon-gamma. Sathiridwa ngati mkodzo uli ndi magazi ooneka, ngati kapaipi kakanda polowa, kapena pasanathe masabata awiri chichitireni opaleshoni, chifukwa bakiteriyayo ndi wamoyo ndipo akalowa m'magazi angaphe.

IL-2 ya mlingo waukulu inavomerezedwa mu 1992 pa khansa ya impso ndi mu 1998 pa melanoma. Imaperekedwa m'mitsempha, mayunitsi 600,000 pa kilogalamu maola asanu ndi atatu alionse, mpaka maulendo 14 ngati thupi lapirira. Odwala pafupifupi 15 pa 100 alionse ankaona zotupa zikuchepa, ndipo ochepa mwa iwo ankachiriratu. Koma mitsempha imadontha madzi, kuthamanga kwa magazi kumatsika, mapapo amadzaza madzi, impso zimaima, kotero imafuna chipatala chokhala ndi chipinda cha odwala mwakayakaya. Cytokine inapangidwa kuti igwire ntchito pakati pa maselo oyandikana. Ikadzazidwa thupi lonse imakhala poizoni.

Ma checkpoint inhibitor anatenga malo amenewo: ipilimumab mu 2011, pembrolizumab ndi nivolumab mu 2014, ndipo James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha maziko ake. Sawonjezera cytokine, amangochotsa mabuleki a CTLA-4 ndi PD-1 pa maselo a T. Amagwira bwino pa zotupa zomwe zili kale ndi maselo a T m'kati mwake kapena zokhala ndi majini osintha ambiri, monga melanoma ndi khansa za matumbo zolephera kukonza DNA yake. Amagwira mofooka komwe kwadzaza ma neutrophil ndi ma macrophage opondereza, ndipo odwala a IL-6, IL-8 kapena CRP yokwera nthawi zambiri sawayendera bwino. CRP yoposa 10 mg pa lita pamodzi ndi puloteni ya m'magazi ya albumin yochepera 35 g pa lita ndi chizindikiro chodziwika cha matenda ovuta pa khansa zambiri, koma chimangonena mmene zinthu zilili. Kutsitsa nambalayo ndi mankhwala sikusintha chotupa.

Apa njira ziwiri zosemphana zimakumana pa wodwala mmodzi. Chitetezo chomasulidwa chimatha kuluma matumbo, mapapo, chiwindi, chithokomiro, ngakhale mtima. Wodwala akatsegula m'mimba maulendo anayi mpaka asanu ndi limodzi pa tsiku kuposa masiku onse, mankhwala amaimitsidwa, chimbudzi chimayezedwa kuti aone ngati si tizilombo, n'kuyamba prednisolone wa pafupifupi 1 mg pa kilogalamu. Zikakula amapereka methylprednisolone m'mitsempha, 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu. Pakapita masiku atatu mpaka asanu osasintha, amawonjezera infliximab 5 mg pa kilogalamu kapena vedolizumab yemwe amagwira m'matumbo mokha. Steroid amachotsedwa pang'onopang'ono kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, chifukwa akadulidwa msanga kutsegula kumabwerera. Cholakwika choopsa kwambiri ndi kumwa loperamide, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, kunyumba n'kumadikira, mpaka matumbo kubooka. Pa chithandizo cha CAR-T, chomwe maselo a T amasinthidwa mu labotale kuti asake khansa, kusefukira kwa ma cytokine kumazimitsidwa ndi tocilizumab 8 mg pa kilogalamu, osapitirira 800 mg, yemwe anavomerezedwa pa ntchitoyi mu 2017, ndipo maselo a CAR-T amapitiriza kupha khansa IL-6 itatsekedwa. Madokotala amapewanso kuyamba checkpoint inhibitor wodwala akumwa prednisolone wa 10 mg kapena kuposa pa tsiku popanda chifukwa chomveka. Ngati n'kotheka, mlingowo umatsitsidwa kaye diripi yoyamba isanaikidwe.